Nyumba ya ku Norway M'munsi mwa Chikala

Aliyense woyenda msewu wa M3 kuchoka ku Zomba kutsetserekera ku Liwonde amadziwa pamene juzi imavulidwa. Ukamadutsa Domasi ndi Malosa kamphepo ka kuphiri kamakhala kakukuperekezabe, koma ukangopitirira boma la Machinga n'kuyamba kutsikira kuchigwa cha Shire, mpweya wolowa pazenera la minibasi umafunda, milambe n'kuyamba kuoneka. Phiri la Zomba ndi lotalika pafupifupi mamita 2,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Liwonde ali cha m'ma 500. Malo awiriwa ndi oyandikana, koma nyumba yokoma kugonamo pamwamba paja, kunsi kuno ikhoza kukhala chilango.

Msuweni wanga wina, amene dzina lake ndilisunga poti tidzakumanabe pamaliro ndi pazinkhoswe, anakhala zaka zambiri ku Cape Town, monga amachitira anyamata ambiri a ku Machinga, Balaka ndi Mangochi. Ankagwira panyumba ina yogona alendo: kukonza mipopi, kupenta, kusintha mababu. Mwini malowo anali wokonda zinthu za ku Scandinavia. Zipinda zake zinali zoyera mbee, katundu wochepa, matabwa osapaka utoto, bulangete la ubweya litapindidwa pasofa, makandulo pazenera. Patebulo la pabalaza pankakhala magazini odzaza ndi zithunzi za tinyumba ta m'mapiri a ku Norway, takuda kunja, mkati matabwa okhaokha, moto ukuyaka pakona, kuseri kwa galasi lalikulu chipale chili mbuu. Mnyamatayo zinamulowa mumtima. Foni yake inadzaza ndi zithunzi zotere za pa Pinterest ndi Instagram.

Mliri wa Covid-19 utagwetsa ntchito zokopa alendo, anabwerera kumudzi mu 2021 ali ndi kangachepe m'thumba, n'kugula malo cha kumsewu wopita ku Ntaja, pamene mapiri a Chikala amaonekera bwino. Ankafuna kukhalamo ndi mkazi wake ndi ana awiri, chipinda chimodzi n'kumagonekamo alendo opita ku Liwonde National Park. Maganizo amenewa sanali opepera. Chiyambire bungwe la African Parks kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, n'kubwezeretsamo mikango mu 2018, Liwonde watchuka ndithu. Chimene chinamupweteka msuweni wangayu n'chakuti pulani yonse ya nyumbayo inali chithunzi cha pafoni.

Chithunzi chimaonetsa maonekedwe a nyumba, koma sichinena chifukwa chimene inamangidwira choncho. Anthu a ku Norway, omwe alipo pafupifupi 5.5 miliyoni, ali ndi tinyumba topumulirako toposa 400,000 m'mapiri, m'nkhalango ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo bungwe lawo la oyenda m'mapiri, DNT, lomwe linayamba mu 1868, lili ndi tinyumba tina toposa 500. Chilichonse pa kanyumba koteroko chikuyankha mavuto awiri: kuzizira ndi mdima. M'tauni ya Røros kuzizira kunafikapo madigiri 50 pansi pa ziro mu 1914. Ku Tromsø dzuwa silituluka n'komwe kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale. Munthu wokhala m'dziko lotero amafuna zenera lalikulu kuti kadzuwa kakangosuzumira akakole konse. Amapenta khoma lakunja utoto wakuda mopanda nkhawa, poti dzuwa lake ndi lofooka. Denga la mkati amalitsitsa kuti kutentha kusabalalike, mipata yonse amaitseka, m'makoma amaikamo zotchinga kuzizira zochindikala, magalasi amawasanjikiza awiri kapena atatu. Zikopa za nkhosa pamipando, makapeti, makandulo ambirimbiri aja, zonsezo ndi zida za munthu amene azikhala m'nyumba miyezi ingapo chifukwa kunja kulibe pokhala.

Palinso chinthu china chimene sichingaoneke pachithunzi chilichonse cha ku Norway chifukwa kumeneko kulibe: chiswe. Tchalitchi cha matabwa cha ku Urnes, chomangidwa m'zaka za m'ma 1100, chidakaimabe mpaka lero. Paini wake anakula pang'onopang'ono m'dziko lozizira, mtima wake ndi wothina ndiponso wodzaza utomoni, ndipo eni ake amaupaka phula lochokera ku mitengo yomweyo. Paini wathu wa ku Zomba, Dedza ndi Chikangawa ndi wina. Wambiri ndi mtundu wa Pinus patula, wochokera ku Mexico, wodzalidwa dala chifukwa amakula msanga. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inakulitsidwa ndi cholinga chodyetsa fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe. Thabwa lake ndi lofewa. Pamilimo ya denga, pouma ndi potalikirana ndi dothi, limagwira ntchito bwino. Kulikhazika pafupi ndi nthaka ya ku Machinga popanda mankhwala n'kuitana alendo.

Kalipentala amene anapatsidwa ntchitoyi, bambo wachikulire wa pa Liwonde pomwepo, ananena zimenezi tsiku loyamba. Matabwa atatsitsidwa mulole kuchokera kwa ogulitsa ena pa Balaka, anatola limodzi, kulinyamula kuti amve kulemera kwake, kulinunkhiza, kenako n'kulikanda ndi chikhadabo. Chikhadabo chinalowa.

"Achimwene, matabwawa ndi aawisi. Akamauma adzapindika. Komanso paini wopanda mankhwala kuno ndi ndiwo za chiswe. Mwachiona chulu chili kuseri kwa mango uko?"

Anapereka nzeru zingapo. Choyamba, amange khoma la njerwa zootcha, matabwawo angokhomedwa mkati ngati chokongoletsa. Ngati zimenezo sakuzifuna, maziko akwere mpaka m'mawondo, dothi la pansi lithiridwe mankhwala simenti isanaikidwe, ndipo thabwa lililonse lipakidwe Solignum, ngakhale oilo wakuda wotsala m'galimoto monga achitira ambiri pamapaso. Msuweni wanga anakana zonse. Oilo akanadetsa matabwa, pamene iye ankafuna aziwala moyererako ngati a pachithunzi. Matabwa obiriwira aja, olowetsedwa mankhwala ndi makina, amene ankawaona tsiku ndi tsiku m'masitolo a ku South Africa, anati ndi odula ndipo mtundu wake sukongola. Anagula vanishi. Mkuluyo anangoti, "Chabwino bwana, ndalama ndi zanu," n'kutenga sowo yake. Amisiri athu ambiri amathera pamenepo, ndipo sindiwaimba mlandu. Munthu sakangana ndi amene akumulipira kufikira ntchito itamuthawa.

Mayi a msuweni wanga atabwera kudzaona nyumba ili pafupi kutha, anaizungulira kamodzi n'kufunsa funso limodzi lokha: "Mwanangu, khonde lili kuti? Anthu akabwera azikhala pati?" Anawayankha kuti nyumba zamakono sizikhala ndi khonde, anthu amakhala mkati. Mtengo wa mango ndi mitengo iwiri ya nimu imene inali kumadzulo anali ataidula kale, kuti isatchinge maso poonera dzuwa likulowa kuchigwa cha Shire.

Kunena zoona nyumbayo inakongola. Ine ndinaiona ili yatsopano, m'nyengo yozizira ya 2022, ndipo ndinaisirira. Kunja yakuda bii, malata akudanso, denga losongoka lopanda mthunzi wotulukira kunja. Mkati fungo la paini, sofa yotuwa, kapeti waubweya wochokera ku Joni, mashelefu a matabwa, malo osonkhapo moto omangidwa ndi miyala ya m'phiri, ndi galasi lalikulu lochokera ku Limbe, lotalika kuyambira pansi mpaka kudenga, losatsekuka. Anthu odutsa ankaima kujambula. Pa Facebook zithunzi zake zinayenda, ndemanga zili mbwee zomutama kuti wabweretsa Ulaya kumudzi.

Kenako kunabwera Okutobala. Kuchigwa cha Shire, kuyambira Liwonde mpaka Ulongwe, Utale ndi Phalula, mwezi umenewu ndi wotsatira wake kutentha kumapitirira madigiri 35 masiku ambiri, ndipo cha kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limadutsa paliwombo penipeni. Malata akuda amamwa kutentha konseko n'kukutsitsira m'nyumba. Pofika 2 koloko masana dzuwa linkayamba kulowa pagalasi lija, ndipo galasi lili ndi khalidwe lake: kuwala limakulowetsa, kutentha kukagwidwa ndi sofa, kapeti ndi matabwa silikutulutsanso. Mazenera otsekuka anali ang'onoang'ono, onse mbali imodzi, motero mphepo inalibe polowera ndi potulukira. Nyumba inasanduka uvuni wa njerwa. Makandulo a pazenera anawerama okha. Matabwa aawisi aja anayamba kuuma mothamanga, kupindika ndi kusiya mipata yolowa chala, ndipo usiku ankalira ngati wina akuyenda padenga. Fani ankangozunguza mpweya wotentha womwewo, magetsi akazima n'kukhala zii. Banja lonse linkagona panja pamkeka, pamtetete, poti khonde panalibe, ndipo pomangirira neti panalibenso. Mwana wamng'ono anadwala malungo mvula isanayambe n'komwe. Alendo awiri oyamba, amene analipira masiku atatu, anachoka m'mawa wa tsiku lachiwiri.

Msuweni wanga anagula makatani ochindikala n'kutseka galasi lija masana onse. Ndiye kuti chinthu chodula kwambiri panyumbapo, chimene anadulira mitengo itatu, tsopano chinkakhala chophimbidwa.

Mvula yoyamba itagwa, ngumbi zinatuluka, ana n'kumatola mosangalala pansi pa babu la panja. Zina zinkatulukira m'mphepete mwenimweni mwa maziko, koma palibe anaganizapo kanthu. Chiswe sichichita phokoso. Chimachokera pansi, chimamanga timisewu take tadothi m'ming'alu ya simenti ndi kuseri kwa matabwa kumene diso silifika, chimadya mkati mwa thabwa n'kusiya khungu la vanishi lili gwa, likuwala bwinobwino. Chimadziwika mochedwa, tsiku limene mayi akusesa agunda khoma ndi tsache n'kumva kuti mkati ndi mphako. Mkazi wa msuweni wanga anachidziwa pamene shelefu ya mbale inagwa yokha usiku. Misomali inalibenso pogwira. Atakanikiza chala pathabwa la m'munsi, chala chinalowa, mkati muli dothi lofiira lokhalokha. Kalipentala uja ataitanidwa sananene zambiri. Anagogoda khoma ndi chala kuzungulira nyumba yonse, akumvetsera, kenako n'kuti, "Chikomekome cha mkuyu, achimwene." Mbali yotsala ya mwambiwo sanaimalize, poti aliyense anali kuiona ndi maso.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza m'chigawo chakumwera. Poyerekeza ndi zimene zinachitika ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe, kumene mapiri anagumuka n'kukwirira anthu, za nyumba iyi n'zazing'ono, ndipo sindikufuna kuzikuza. Koma denga lopanda mthunzi linasiya mvula kumenya khoma mwachindunji, madzi n'kulowa m'mipata ija. Polumikizira chumuni ndi malata panadontha. Kapeti ananyowa, n'kuchita nkhungu, n'kutayidwa. Thabwa lonyowa ndiye chiswe chimalikonda koposa.

Zonsezi ndi za ndalama, ndipo ndalama zimapezekanso. Chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi chinachitika mu Juni chaka chomwecho.

Ngakhale ku Machinga, Juni ndi Julayi amakhala ndi masiku ake ozizira, makamaka chiperoni chikawomba. Usiku wina wotero msuweni wanga anaona kuti nthawi yakwana yoti nyumba yake ichite zimene anaimangira. Anasonkha moto pamalo paja. Koma chumuni ndi luso lapadera, chimene amisiri ambiri a kuchigwa sanamangepo chifukwa palibe amachifuna. Chake chinali chachifupi, khosi lake losayenerana ndi kukula kwa pakamwa, moti utsi m'malo mokwera unkabwerera m'nyumba. Atatopa ndi kutsokomola anazima nkhunizo, n'kutseka pakamwa pa chumuni ndi katoni kuti mphepo isalowe, n'kulowetsa mbaula ya makala. Makala satulutsa utsi wooneka. Mipata ya m'makoma anali ataimata kale pothawa mvula ndi udzudzu. Anatseka mazenera, kukoka makatani, kuyatsa makandulo, ana atafunda mabulangete pasofa. Anajambulanso chithunzi, ndipo ndinachiona: chinafanana kwambiri ndi za m'magazini zija.

Makala akamayaka m'chipinda chotsekeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200, motero munthu amapuma ndithu koma thupi silikulandira kanthu. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zomwe kwathu kuno aliyense amangoti ndi malungo, n'kumwa panado, n'kugona. Kugonako ndiye koopsa. Amalawi okhala m'tizipinda ta ku Johannesburg amazidziwa nkhani zotere, chifukwa nyengo yozizira ya kumeneko imatenga anthu mwa njira imeneyi.

Banjali linapulumuka chifukwa cha mwana wamkulu amene anadzuka pakati pa usiku akusanza. Mayi ake poti adzuke kukamuthandiza, miyendo inakana, anachita kukwawa mpaka kuchitseko n'kuchitsekula. Bambo anali ngati woledzera, osamva bwino zimene akuuzidwa. Wamng'ono uja sankadzuka. Anansi anamva kukuwa, anawatulutsira onse panja, ndipo wa kabaza wanjinga yamoto anathamangira ndi mayi ndi mwana kuchipatala ku Liwonde, kumene mwanayo anamuika pa okosijeni. Anachira. Mayi ake mpaka lero salola mbaula kudutsa pakhomo, ngakhale yozima.

Ku Norway moto wa m'kanyumba kaja nthawi zambiri umayaka m'chitofu chachitsulo chotsekeka, cha mtundu umene kampani ngati Jøtul, yomwe inayamba mu 1853, imapanga, ndipo paipi yake imatulutsa utsi wonse kunja. Lamulo la kumeneko limafuna kuti m'nyumba mukhale kachipangizo kolira kakamva utsi, ndipo makhonsolo ali ndi anthu oyendera ndi kusesa zumuni. Wojambula zithunzi za m'magazini sajambula kachipangizo ka kudenga kapena munthu wosesa mwaye. Amajambula lawi ndi kapu ya khofi.

Sikuti ku Malawi kulibe tinyumba ta m'mapiri. Pamwamba pa Mulanje pali tinyumba ta oyenda m'phiri monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani, tamatabwa, tokhala ndi malo osonkhapo moto, ndipo takhala zaka zambiri. Koma tili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, kumene usiku wa Juni madzi amatha kuundana, ndipo tambiri tinamangidwa ndi mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe chimauthawa chifukwa cha mafuta ake. Mtengo umenewo, womwe ndi mtengo wa fuko lathu, tinaudula mpaka kutsala pang'ono kutheratu, choncho njira imeneyo inatsekeka. Pa phiri la Zomba, cha ku Ku Chawe, moto wa m'nyumba uli ndi ntchito yake. Kutsika kuchigwa, funso limatembenuka. Kumeneko munthu safunafuna dzuwa, amalithawa; moyo wake wambiri uli panja, pamthunzi.

Ndiye amene akufuna nyumba yokoma kukhalamo ku Balaka kapena ku Liwonde ayambe wayang'ana nyumba zakale za pamishoni ndi za aphunzitsi zimene zidakaimabe m'maboma awiriwa, kapena ya agogo ake yofolera ndi udzu. Khoma lochindikala la njerwa limachedwa kutentha. Khonde lotambalala limaletsa dzuwa ndi mvula kufika pakhoma. Denga lokwera, siling'i, timabowo ta mpweya pamwamba pa mazenera, mazenera oyang'anizana kuti mphepo idutse, waya wotchinga udzudzu, malata owala kapena opentedwa zoyera, simenti ya pansi yopolishidwa imene imazizira kuphazi, mkeka wa mlaza umene ukhoza kukutumulidwa ndi kuyanikidwa, ndi mtengo wamthunzi kumadzulo. Mazenera aakulu aziyang'ana kumpoto kapena kumwera, kumene mthunzi wa denga umawateteza mosavuta. Za ku Scandinavia zimene zingasamuke bwinobwino zilipo: kusadzaza nyumba ndi katundu, makoma owala, zinthu zochepa koma zopangidwa mwaluso, kugwiritsa ntchito zomera pamalopo. Chomalizachi ndiye mtima wa nkhani yonse ya tinyumba tawo, ndipo ndicho msuweni wanga anachisiya.

Chondiseketsa n'chakuti m'nyumba ya alendo ija ya ku Cape Town munali mipando yoluka ya nsungwi, imene m'masitolo a kumeneko ndi ku Ulaya amaigulitsa ndi dzina la dziko lathu lomwe, pamtengo umene woluka wake sangaulote. Msuweni wanga ankaipukuta fumbi tsiku ndi tsiku. Imalukidwa konkuno, timaidutsa m'mbali mwa misewu, imalowetsa mphepo kumsana ndipo mwana akhoza kuinyamula kupita nayo pansi pa mtengo. Pomanga yake anaikana, ati ndi yachimidzi, n'kugula sofa yansalu yochindikala imene mu Okutobala munthu sangaikhalire osavula malaya.

Pofika Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mafelemu a galasi lija anali atadyeka, galasi n'kung'aluka kuchokera pakona. Mtengo wa lina unali utakwera moti sakanaufikira. Anakhomapo malata. Chaka chotsatira khoma lakumadzulo linayamba kupendekeka, ndipo kalipentala yemwe uja ndi amene anaitanidwa kudzagwetsa. Pa matabwa onse aja, opulumuka anakwana kupangira khola la nkhuku ndi mabenchi awiri. Otsala anawotchera njerwa. Malata akuda anawagulitsa kwa munthu wina wa ku Nsanama womangira mosungira chimanga.

Pamaziko omwewo, atawakweza ndi kuthira mankhwala, pali tsopano zipinda ziwiri za njerwa zosapaka pulasitala, ndi khonde limene mayi a msuweni wanga anaumirira. Mkazi wake wadzala nimu kumadzulo, koma ikadali yofika m'chiuno ndipo mbuzi zikuivutitsa. Iye mwini anakwera basi kubwerera ku South Africa kukasaka ndalama zobwezera ngongole ya kubanki m'khonde ndi zomalizira nyumba. Ntchito yake yakale anapeza atalembapo wina, ndiye pakadali pano akugwira maganyu openta nyumba ku Bellville.